Evison Matafale

Evison Matafale (1969 – 27 Novembala 2001) anali woimba nyimbo za chamba cha reggae wa ku Malawi, wochokera ku Chileka m'boma la Blantyre. Anali Mrasta ndipo ndiye anayambitsa gulu loimba la Black Missionaries, lomwe anthu ambiri amangolitchula kuti Ma Blacks. Anatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, koma amawerengedwa m'gulu la oimba otchuka kwambiri m'mbiri ya dziko la Malawi. Anamwalira ku Lilongwe ali m'manja mwa apolisi, ali ndi zaka 32, patangopita masiku ochepa atamangidwa chifukwa cha makalata odzudzula boma. Abale ake ndi oimba anzake amachititsa phwando la zoimbaimba lomukumbukira ku Chileka chakumapeto kwa chaka, ndipo anthu amalowa ulere.

Kwawo ndi chibale chake

Matafale anabadwa m'chaka cha 1969. Kwawo kunali m'mudzi wa Singano, m'dera la Mfumu Yaikulu Kuntaja, pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Derali lili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Blantyre, kumene mtunda umayamba kutsetsereka kulowera ku mtsinje wa Shire.

Mudzi wa Singano unali utatchuka kale ndi zoimbaimba Matafale asanayambe kuimba. Kumeneko ndi kwawo kwa Daniel Kachamba, katswiri wa gitala yemwe anamwalira mu 1987, ndi mng'ono wake Donald Kachamba, yemwe ankaliza chitoliro cha kwela ndipo anamwalira mu 2001. Anyamata awiriwa anakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wa ku Austria, mumzinda wa Blantyre mu 1967, ndipo pambuyo pake anakaimba mpaka ku Ulaya. M'dera lomweli munachokeranso Robert Fumulani, mtsogoleri wa Likhubula River Jazz Band, gulu lomwe linatenga dzina lake ku mtsinje wa Likhubula umene umadutsa kumeneko. Matafale anali pachibale ndi banja la a Fumulani, ndipo ana a m'banjali ndi amene anadzakhala nsanamira za gulu lake. Choncho anakulira pakati pa anthu amene ankaona kuimba ngati ntchito yodyetsa banja, osati masewera a ana ayi.

Nyengo imene anayambira kuimba

Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr Hastings Kamuzu Banda, woimba sankatha kuimba chilichonse chimene wafuna. Kuyambira mu 1968 kunali bungwe la boma lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu zisanafike kwa anthu, ndipo wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Malamulo a kavalidwe a m'zaka za m'ma 1970 ankaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, kotero kuti Mrasta sakanatha kuyenda poyera ndi tsitsi lake lopotana. Izi zinali chomwecho ngakhale kuti Haile Selassie, mfumu ya ku Ethiopia yomwe Arasta amailemekeza koposa, anachezapo ku Malawi mu 1965, ndipo malo ena oonera patali pamwamba pa phiri la Zomba amatchedwa Emperor's View pokumbukira ulendowo.

Zinthu zinasintha pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, chomwe anapambana ndi Bakili Muluzi wa chipani cha UDF. Arasta anayamba kuonekera m'matauni. Mawailesi anachuluka: MBC inatsegula Radio 2, kunabwera mawailesi omwe si aboma monga Power 101 ndi Capital FM, ndipo kanema wa TVM anayamba kuulutsa mu 1999. Nyimbo zinkagulitsidwa pa makaseti, omwe ankafika m'misika ndi m'maminibasi kuyambira ku Karonga mpaka ku Nsanje.

Pa nthawiyo reggae yomwe inkamveka kwambiri inali ya ku Balaka, yochokera ku Alleluya Band, Paul Banda ndi mng'ono wake Lucius Banda. Inali reggae yofewa, yomwe mizu yake inali m'nyimbo za kutchalitchi. Matafale anabwera ndi kaimbidwe kosiyana, kolemera ndi besi ndi ng'oma, koyandikira reggae ya ku Jamaica ya oimba monga Bob Marley, Peter Tosh ndi Burning Spear, koma mawu ambiri ali m'Chichewa.

Kuimba 1 ndi Wailing Brothers

Chimbale chake choyamba, Kuimba 1, chinatuluka mu 1999. Amene anamuimbira zida anali a gulu la Wailing Brothers, la anyamata a banja la a Chokani, lomwe linkatsogoleredwa ndi Elias Chokani. Chimbalechi chinamutchukitsa m'kanthawi kochepa. Anthu anakopeka ndi mawu ake okhala ngati akulira, komanso ndi momwe ankasakanizira nkhani za m'Baibulo ndi mavuto a tsiku ndi tsiku a munthu wamba.

Atangotchuka chomwecho, Matafale anadwala chifuwa chachikulu ndipo anasowa pamaso pa anthu kwa kanthawi. Matendawa anamufooketsa thupi, ndipo nkhani ya thanzi lake inadzakhala yofunika kwambiri pa mkangano wokhudza imfa yake.

Black Missionaries ndi Kuimba 2

Atapezako bwino, anasonkhanitsa abale ake a ku Chileka n'kuyambitsa gulu la Black Missionaries. M'gululi munali ana a Robert Fumulani, omwe ndi Musamude, Anjiru ndi Chizondi. Dzina la gululi likusonyeza momwe Matafale ankaonera ntchito yake: m'mbuyomu amishoni ankachokera kunja kudzalalikira kuno, tsono iye ankafuna kuti anthu akuda akhale ofalitsa uthenga pawokha kudzera m'nyimbo.

Chimbale cha Kuimba 2 chinatuluka mu 2001, chaka chomwe anamwalira. Chinalandiridwa bwino ngati choyamba chija ndipo chinakhazikitsa chimene anthu masiku ano amachitcha reggae ya ku Chileka.

Nyimbo zake

Zina mwa nyimbo zake zodziwika ndi Watsetsereka, Yang'ana Nkhope, Olakwa Ndani, Poison So Sweet ndi Time Mark. Ankaimba m'Chichewa ndi m'Chingerezi.

Yang'ana Nkhope imakamba zoti anthu onse ndi ofanana chifukwa anawalenga ndi Mulungu mmodzi, choncho palibe chifukwa chodanirana kapena kusalana. Olakwa Ndani imaonetsa umphawi wa m'tauni ndi kufunsa kumene mavutowo akuchokera. Time Mark anaiimba pambuyo pa zauchifwamba za pa 11 Sepitembala 2001, pamene ndege zinaombetsedwa ku nyumba zosanja za World Trade Center ku New York, ndipo anamasulira zochitikazo mogwirizana ndi maulosi a m'Baibulo. Chifukwa cha nyimbo ngati imeneyi, ambiri mwa omutsatira ankamutcha mneneri, ndipo dzinali linakhazikika kwambiri atamwalira.

Kumangidwa ndi imfa yake

Chaka cha 2001 chinali chovuta m'dziko la Malawi. Chimanga sichinachite bwino, chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa, ndipo njala yaikulu ya 2001 mpaka 2002 inali itayamba kuluma. Pa ndale, kunali manong'onong'o oti malamulo asinthidwa kuti Pulezidenti Muluzi aimenso kachitatu, ndipo anthu odzudzula boma ankaopsezedwa kawirikawiri.

M'nyengo imeneyi Matafale analemba makalata odzudzula Pulezidenti Muluzi ndi boma lake mwamphamvu, ndipo makalatawo anafalitsidwa kwa anthu. Chakumapeto kwa Novembala apolisi anamumanga kwawo ku Chileka pomuganizira mlandu wolemba zinthu zoukira boma. Pa nthawiyo n'kuti akudwala. Anamutengera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 300, kuti akamufunse mafunso. Ali m'manja mwa apolisi matenda anakula, ndipo anamwalira Lachiwiri pa 27 Novembala 2001 ku chipatala chachikulu cha Lilongwe, chomwe masiku ano chimatchedwa Kamuzu Central Hospital. Mlandu wake sunazengedwe.

Thupi lake analitengera kwawo ku Chileka kumene anakaliika m'manda. Pa maliro panasonkhana khwimbi la anthu, kuphatikizapo Arasta ochokera m'madera osiyanasiyana ndi oimba anzake.

Kafukufuku wa imfa yake

Imfayi inautsa mkwiyo waukulu. Apolisi ananena kuti Matafale anamwalira ndi chibayo. Abale ake, Arasta ndi anthu ambiri sanakhutire ndi yankholi, ndipo ankakhulupirira kuti anazunzidwa ali m'chitokosi. Pulezidenti Muluzi anakhazikitsa komiti yapadera yofufuza nkhaniyi, ndipo bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission linachitanso kafukufuku wakewake. Lipoti la komiti ya boma linati anamwalira chifukwa cha matenda. Komabe mkangano sunathere pomwepo, chifukwa funso lina linatsala: n'chifukwa chiyani munthu wodwala chotero anamuyendetsa ulendo wautali m'malo momusiya pafupi ndi chipatala cha kwawo?

Nkhaniyi inalembedwa m'malipoti a mabungwe a kunja oona za ufulu wa anthu, ndipo imatchulidwabe pokamba za ufulu wa oimba ndi wa anthu osungidwa ndi apolisi. Malamulo aakulu a dziko la Malawi, mu gawo 35, amapatsa munthu aliyense ufulu wolankhula zakukhosi, ndipo gawo 42 limati womangidwa asungidwe mwaulemu, alandire chithandizo cha mankhwala, komanso akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mu 2022 Nyumba ya Malamulo inachotsa m'malamulo a milandu ndime zokhudza mlandu wa mawu oukira boma, womwe unali wotsalira kuchokera m'nthawi ya atsamunda.

Ma Blacks pambuyo pa Matafale

Anthu ambiri ankaganiza kuti gulu la Black Missionaries lithera pa maliro a mwini wake, koma silinathe. Musamude Fumulani anatenga utsogoleri, ndipo gululi linapitiriza kutchula zimbale zake dzina la Kuimba, n'kumangowonjezera nambala kuyambira pa Kuimba 3. Zimbalezi zinapitirira khumi. Musamude anamwalira mu 2007, ndipo Gift Fumulani, woimba wina wa m'banja lomweli, anamwalira mu 2008. Kuchokera pamenepo Anjiru Fumulani ndiye wakhala akutsogolera gululi, mothandizana ndi Chizondi amene amaliza kiyibodi. Anthony Makondetsa, wachibale wawo yemwe amadziwikanso kuti Mr Cool, wakhala akuyenda ndi gululi pamene akutulutsanso zimbale zakezake. Paul ndi Takudziwani Chokani anaimba ndi Ma Blacks kwa zaka zambiri, kenako anachoka n'kukadzutsanso dzina la Wailing Brothers.

Chimene chasunga gululi kwa nthawi yaitali ndi kuimba ndi zida pamaso pa anthu. Pamene makaseti anatha ndipo nyimbo zinayamba kukopedwa pa makompyuta ndi pa mafoni popanda kulipira, oimba ambiri anasowa pogwira, ngakhale kuti bungwe la COSOMA lakhala likutolera ndalama za eni nyimbo kuyambira mu 1992. Ma Blacks anadalira ndalama za pakhomo, akuyenda m'maboma mapeto a sabata, m'mizinda ndi m'matauni ang'onoang'ono omwe.

Chikumbutso cha ku Chileka

Chikumbutso cha Matafale chimachitika ku Chileka, kawirikawiri chakumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, kufupi ndi tsiku limene anamwalira. Amene amatsogolera zokonzekera ndi a Black Missionaries pamodzi ndi abale. Kwa zaka zambiri phwandoli lakhala likuchitikira pa bwalo la ku Gadaga. Poyamba linali lokumbukira Matafale yekha, koma atamwalira Musamude ndi Gift, linasanduka lokumbukira onse atatu pamodzi ndi oimba ena a ku Chileka amene anatsogola.

Mwambowu umasiyana ndi maphwando ena a zoimbaimba pa zinthu zingapo. Choyamba, anthu salipira pakhomo, kotero kuti ana, amayi ndi okalamba a m'midzi yozungulira, omwe sangakwanitse kulowa m'malo achisangalalo a mumzinda, amaona gulu loimba ndi zida maso ndi maso. Chachiwiri, umachitikira kumudzi kwawo kwa oimbawo, osati mu holo ya m'tauni. Chachitatu, pa nsanja pamakwera oimba ambiri, otchuka ndi ongoyamba kumene. Kwa woimba wachinyamata, kuimba ndi zokuzira mawu zamphamvu pamaso pa anthu ochuluka chotero ndi mwayi wosowa, chifukwa zida zoimbira n'zodula ndipo malo oimbira kumidzi ndi ochepa.

Popeza palibe ndalama za pakhomo, zofunika monga nsanja, zokuzira mawu, jenereta, mayendedwe ndi chitetezo zimadalira gululo ndi anthu akufuna kwabwino. Tsikuli limapindulitsanso anthu a m'deralo, monga ogulitsa zakudya ndi zakumwa, a minibasi ndi a kabaza, chifukwa kumabwera alendo ambiri ochokera ku Blantyre ndi maboma ena. Arasta amafika ndi mbendera za mitundu yofiira, yachikasu ndi yobiriwira.

Cholowa chake

Matafale anakhala wotchuka kwa zaka zosakwana zitatu asanamwalire, koma anasiya zinthu zomwe zikuonekabe. Anachititsa kuti Chileka idziwike ngati likulu la reggae m'dziko muno, kupitiriza mbiri ya mudzi umene unatulutsa a Kachamba ndi a Fumulani. Anasonyeza kuti reggae ya uthenga wolemera itha kuimbidwa m'Chichewa n'kukondedwa ndi anthu a mipingo yonse, osati Arasta okha. Nyimbo zake zimaulutsidwabe pa mawailesi, ndipo Ma Blacks amaziimbabe m'maphwando awo, momwe achinyamata obadwa iye atamwalira kale amaziimba pamtima.

Kutchuka kwake kunathandizanso kuti Arasta ayambe kuonedwa ngati gulu la chipembedzo lokhala ndi ufulu wake, ngakhale kuti nkhondo yawo inatenga nthawi yaitali. Mu Meyi 2023, patapita zaka zoposa 21 chimwalirireni Matafale, Khoti Lalikulu ku Zomba linagamula kuti ana a Chirasta aziloledwa kuphunzira m'sukulu za boma osameta tsitsi lawo.