Samuel Ajayi Crowther, Kapolo Amene Anakhala Bishopi

Mwezi uno tikumbutsane za munthu wina wakuda amene anagulidwa ndi kugulitsidwa ngati mbuzi, koma m'ukulu wace anaweta nkhosa za Ambuye. Dzina lace la kwao ndiye Ajayi. Anabadwa ca m'ma 1809 m'mudzi wa Osogun, m'dziko la Ayoruba, limene lero liri m'Nigeria.

Masiku amenewo malonda a akapolo anali atakula ndithu. Pa zaka zoposa 300 zombo za Azungu zinatenga anthu a m'Afrika oposa mamiliyoni 12 kunka nao ku Amerika kukalima nzimbe, fodya ndi thonje, ndipo pafupi mamiliyoni 2 anafera panyanja. Azungu anali kudikira pagombe ndi mfuti, nsaru ndi kacasu, koma otentha midzi ndi kumanga anthu kawirikawiri anali akuda anzao. Ife a kuno sitiyesa nkhani iyi yacilendo ai, pakuti makolo athu anaona magoli alikupita ku Kilwa ndi Zanzibar.

M'caka ca 1821 nkhondo inagwera Osogun m'mamawa. Ajayi anagwidwa pamodzi ndi amace ndi alongo ace, namangidwa zingwe m'khosi, ndipo posakhalitsa anawalekanitsa. Mwanayo anamsinthanitsa ndi kavalo, napitirira m'manja mwa ambuye ambiri, kufikira anagulidwa ndi Apwitikizi pa Lagos. Cisoni cinamkulira kotero kuti anayesa kudzipha.

M'April 1822 anamkweza m'combo pamodzi ndi akapolo ena oposa 180. Koma Angerezi anali ataletsa malonda awa m'caka ca 1807, naika zombo za nkhondo zolonda gombe. Zombo ziwiri zotere zinagwira combo ca Apwitikizi cisanapite patali. Ajayi anagwidwa mantha akuru, pakuti poona zipolopolo za mizinga zitaunjikidwa anayesa ndi mitu ya anzace. Koma anammasula zingwe, namtsitsa pa Freetown, m'dziko la Sierra Leone, ali mfulu.

Pamenepo anayamba sukulu ya misyoni, ndipo itatha miyezi 6 anadziwa kuwerenga Cipangano Catsopano. Anabatizidwa pa 11 December 1825, nalandira dzina lakuti Samuel Crowther. M'caka ca 1827 anali wophunzira woyamba pa Fourah Bay, ndipo anakwatira Asano, mkazi woomboledwa m'ukapolo monga iye mwini. Anayenda nao ulendo wa pa mtsinje wa Niger m'caka ca 1841, nadzozedwa ubusa ku England m'caka ca 1843.

Tsono tamvani cozizwitsa. M'caka ca 1846 anafika ku Abeokuta, kwa anthu a mtundu wace, kukalalika Mau m'cinenero ca kwao. Komweko anakomana ndi amace, atapita zaka 25 osaonana, ndipo alongo acenso anapezeka ali moyo. Amace anabatizidwa, nachedwa Hana. Koma tisaiwale kuti pa mai mmodzi amene anaonanso mwana wace, panali amai osawerengeka amene analowa m'manda alikuyang'anabe kunjira.

Crowther anagwira nchito yaikuru. Analemba buku la mau a Ciyoruba, natsogolera nchito yomasulira Buku Lopatulika m'cinenero cimeneco. Anakhazika misyoni m'mbali mwa Niger ndi aphunzitsi akuda, ambiri a iwo akapolo omasulidwa kapena ana ao. Analimbikitsa ulimi wa thonje, kuti mafumu apeze cuma m'munda ndi kuleka kugulitsa anthu. Pa 29 June 1864 anadzozedwa ku Canterbury, nakhala bishopi woyamba wakuda mu Eklesia wa Anglican. Pakati pa anthu oonerera tsiku lija panali Henry Leeke, mkuru wa combo cimene cinamuombola ali mwana.

Koma malonda a akapolo anasiya mbeu yoipa, ndiyo kupeputsa munthu wakuda, ndipo mbeu imeneyi inamera ngakhale m'nyumba ya Mulungu. Crowther atakalamba, anafika amisyoni acinyamata ocokera ku England, naneneza anchito ace, nacotsa ambiri osafunsa mau ace. M'caka ca 1890 pa msonkhano wa ku Onitsha anamcititsa manyazi, ndipo nkhalambayo inatula pansi mpando wa msonkhanowo mosabwezera coipa. Anamwalira ku Lagos pa 31 December 1891, ndipo wolowa m'malo mwace anali Mzungu. Panapita zaka zambiri kufikira 2014, pamene Bishopi Wamkuru wa Canterbury, Justin Welby, anabvomera poyera kuti Eklesia anamlakwira.

Nanga ife, abale, tiphunzirapo ciani? Zombo zija zinatha, magoli anaola, koma mtima woyesa munthu mnzathu katundu sufa msanga. M'midzi mwathu alipo ena amene atonzedwabe cifukwa agogo ao anali akapolo, ndipo alipo ana amasiye amene asungidwa kuti azingotunga madzi ndi kuweta mbuzi, osaona khomo la sukulu. Amene anasinthanitsa Ajayi ndi kavalo sanadziwe mtengo wace. Ifenso sitidziwa cimene Mulungu afuna kucita ndi mwana wonyozeka amene ali pakhomo pathu. Cifukwa cace timlemekeze, timdyetse, ndipo timtumize ku sukulu.