LIDWINA WOYERA WA KU SCHIEDAM NDI NTHENDA YAKE

Pa 14 April Eklezia amakumbukira Lidwina Woyera, namwali wa ku Holland amene anasauka ndi matenda zaka 38. Iye anabadwa m'caka ca 1380 m'mudzi wa Schiedam, pafupi ndi Rotterdam, m'banja losauka la ana 9, ndipo mwa onsewo wamkazi anali iye yekha. Atate ake anali mlonda wa usiku.

Ku dziko limenelo, nyengo ya cisanu, madzi a m'mitsinje amauma gwa ngati mwala, kotero kuti ana amasewera pamwamba pake moterereka. Lidwina, ali ndi zaka 15, anapita ndi anzake ku sewero limeneli, nagwa, nathyoka nthiti. Nthiti yothyoka imapola, koma iye sanapezenso bwino. Poyamba ankayenda cokwawa, kapena cotsamira mpando. Mutu ndi mano zinkamuwawa koopsa. Atafika zaka 19 miyendo yake yonse iwiri inali yakufa. Pambuyo pake diso limodzi linaleka kuona, kumeza kunambvuta, ndipo ca kumapeto dzanja lamanzere lokha ndilo linatsala logwira nchito. Cimene cinazunguza asing'anga n'cakuti nthendayo inkabwera ndi ukali, nkumlekako kanthawi, nkubweranso moposa kale.

Asaganize munthu kuti mtsikanayu analandira mtanda wake mokondwa kuyambira tsiku loyamba. Zaka zoyamba ankalira ndi kudandaula, makamaka pakumva anzake alikuseka panja. Wansembe wina, Bambo Jan Pot, ndiye anamphunzitsa kusinkhasinkha Masautso a Ambuye Yezu, namamtengera Ukaristia. Pang'onopang'ono mtima wake unakhazikika, ndipo kacipinda kake kanasanduka pofikira obvutika. Mphatso zimene alendo ankamsiyira ankazigawira amphawi. Omnyoza sanasowe: ena ankamuyesa wonyenga, ngakhale wansembe wa parishi yake anamkayikira nthawi ina. M'caka ca 1421 akulu a mudzi analemba kalata yocitira umboni za matenda ake. Anamwalira pa 14 April 1433, Laciwiri la Pasaka. Johannes Brugman ndi Thomas à Kempis analemba mbiri yake, ndipo Papa Leo XIII anabvomereza ulemu wake ngati Woyera m'caka ca 1890.

Mbiri zimenezi zinalembedwa pofuna kulimbitsa Akhristu, koma olembawo anafotokoza zowawa zake mosamala kotero kuti madokotala anatha kuziwerenga ndi diso la nchito yao. M'caka ca 1979 dokotala wina, dzina lake Medaer, analemba kuti zizindikirozo zifanana ndi za multiple sclerosis, nthenda imene Jean-Martin Charcot anailongosola ku Paris m'caka ca 1868. Madokotala ena satsimikiza, pakuti mbirizo zinenanso za zilonda ndi kukha magazi, zimene sizicokera ku nthendayi. Komabe zogwirizana n'zambiri: imakonda akazi kuposa amuna, imayamba munthu akali wamng'ono, imacuruka ku maiko ozizira, ndipo imapita ibwerera.

Magwero ake ndi omvetsa cisoni. Mitsempha ya mu ubongo ndi mu msana, imene imanyamula mauthenga kunka ku ziwalo, ili ndi cikuto ca mafuta, dzina lake myelin, monga waya wa magetsi akutidwa ndi mphira. M'magazi muli maselo oyera, asilikali a m'thupi, amene nchito yao ndi kumenyana ndi tizirombo. Asilikaliwa amaitanizana ndi timankhwala tating'onoting'ono, ma cytokine, tonga amithenga a pa nkhondo: tina timati menyani, tina timati lekani. Pa nthendayi asilikali ena amasokera, nayesa myelin mdani. Amaboola linga lotetezera ubongo ku za m'magazi, natulutsa amithenga oputa nkhondo, monga interferon gamma ndi interleukin 17, amene amaitana anzao ambiri. Malowo amatupa, cikuto cija cimadyeka, ndipo uthenga sufika: mwendo ulipo, wopanda bala, koma sumva mau a mwini wake. Kutupa kukaphwa wodwala amapezako bwino. Koma pamatsala zipsera zouma, ndipo zikacuruka mphamvu sibwereranso.

Kuti amithengawa ali ndi mlandu kunaoneka poyera m'caka ca 1987, pamene madokotala a ku America anayesa kupatsa odwala interferon gamma, poyembekeza kuti awathandiza. M'malo mwake nthenda inawabuka angapo a iwo. Mbale wake, interferon beta, amacita zosiyana, pakuti amaziziritsa nkhondoyo, ndipo analoledwa kukhala mankhwala m'caka ca 1993, patapita zaka 560 Lidwina atamwalira. Mankhwalawa, ndi ena amene anadza pambuyo, sacotsa nthenda, koma amacepetsa kubweranso kwake.