Tisaiwale phunziro la a Randle

Inetu yunivesite ndinaisiyira panjira, koma dzina la a Philip Randle silinandichoke m'mutu. Mkuluyu anabadwira ku Nuneaton, ku Mangalande, mu 1926 ndipo anamwalira mu 2006. Mu 1963, ali ku Cambridge, iwo ndi anzawo anaonetsa kuti minofu ikamatentha mafuta ambiri imachepetsa kugwiritsa ntchito shuga, zomwe zingachititse shugayo kuchuluka m'magazi. Mu 1964 anakayambitsa dipatimenti ya biochemistry ku Bristol, ndipo mu 1975 anasamukira ku Oxford.

Mayi anga atawapeza ndi matenda a shuga, ife tinangobisa shuga wa mu tiyi basi. Za mafuta a m'thupi palibe anaganizako. Nanga kwanuko bwanji?