DOTOLO ROBERT LAWS WA KU BANDAWE NDI PHUNZIRO LA MASAMU

M'masukulu a m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhata Bay, kuyambira ku Chintheche kufikira ku Kande kwa Mfumu Fukamapiri, aphunzitsi amakumana kawirikawiri ndi mwana amene wataya mtima pa phunziro la masamu, namanena kuti iye anabadwa wopanda mutu wa masamu. Mawu otere si achilendo m'dziko muno. Kale Azungu ambiri ankawanena, osati za mwana mmodzi ayi, koma za mtundu wonse wa anthu akuda. Munthu amene anawatsutsa ndi ntchito zake kwa zaka 52 anakhalako zaka 13 pa Bandawe, mtunda waufupi kumpoto kwa Kande. Munthuyo ndiye Dotolo Robert Laws.

Laws anabadwira mumzinda wa Aberdeen ku Scotland pa 28 May 1851. Atate wake anali mmisiri wa matabwa wopanga mipando ndi makabati, ndipo mnyamatayo analowa ntchito yomweyo akali wamng'ono. Usana ankagwira mpeni wopalira matabwa ndi chingwe choyesera, madzulo napita ku sukulu ya usiku. Ndi khama lotere anafika pa Yunivesite ya Aberdeen, kumene anatsiriza maphunziro a udotolo m'chaka cha 1875, ataphunziranso za ubusa. Motero munthu amene anadzaphunzitsa ana a dziko lino anali atadziwa kale m'moyo wake kuti nzeru zimakula pang'onopang'ono, monga kabati imaumbika thabwa ndi thabwa.

M'chaka chomwecho cha 1875 anabwera ndi gulu la amishoni lotsogozedwa ndi E. D. Young. Sitima yawo ya Ilala inaphwasulidwa pa mathithi a mtsinje wa Shire, anthu mazanamazana nasenza zidutswa zake pamutu, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 October 1875. Anamanga mishoni yoyamba ku Cape Maclear, koma malungo anapha anzake angapo ndipo anthu ozungulira malowo anali ochepa. Chifukwa chake m'chaka cha 1881 Laws, amene tsopano anali mkulu wa mishoni, anasamutsira ntchito yonse ku Bandawe, pakati pa Atonga.

Masiku amenewo Atonga anali kukhala mothithikana m'malinga chifukwa cha nkhondo ya Angoni a kwa M'mbelwa, ndipo mafumu awo analandira sukulu ndi manja awiri. Ana anachuluka kotero kuti Azungu owerengeka a pa mishoni sakanatha kuwaphunzitsa okha. Apa ndi pamene panaonekera chikhulupiriro cha Laws. Mnyamata amene wadziwa kuwerenga, kulemba ndi kuwerengera ankatumidwa kumudzi kukaphunzitsa ang'ono ake, ndipo pa nyengo yake ankabwerera ku Bandawe kukakhalanso pa benchi monga wophunzira, kuti akawonjezere pamene analekera. Mphunzitsi sankayesedwa munthu wotsiriza kuphunzira. Mwa njira imeneyi masukulu anafalikira m'midzi ya m'mbali mwa nyanja, ndipo dera la Atonga linakhala limodzi mwa madera ophunzira koposa m'dziko lonse la Nyasaland.

M'chaka cha 1894 Laws anakwera phiri la Khondowe nakhazikitsa sukulu yaikulu ya Overtoun ku Livingstonia. Kumeneko kunali maphunziro a uphunzitsi, a ubusa, a zachipatala, a ukalaliki, ndi a umisiri wa matabwa, wa nyumba ndi wosindikiza mabuku. Masamu sankaphunziridwa pa sileti pokha. Mmisiri wa nyumba anayenera kuyesa ngodya ya khoma ndi kudziwa njerwa zofunika. Kalaliki anayenera kusunga mabuku a ndalama osaphonya ndi kobiri lomwe. Ndipo anyamata ena anaphunzira ntchito ya lamya ya telegalafu. Ophunzirawo anaona ndi maso awo madzi akubwera m'mipope kuchokera kutali, magetsi opangidwa ndi mphamvu ya madzi akuyaka pamwamba pa phiri, ndi msewu wa Gorodi wa makhota ngati 20 ukusemedwa kuchokera kunyanja. Zonsezi zinali masamu ogwirika ndi manja.

Zipatso zake zinaoneka kutali. Anyamata a ku Bandawe ndi ku Livingstonia anakhala makalaliki, akapitawo ndi osunga masitolo m'maofesi a Boma, m'makampani ndi m'migodi ya ku Rhodesia ndi ku Joni. Clements Kadalie wa ku Chifira, pafupi ndi Bandawe, anatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia akali mnyamata, ndipo m'chaka cha 1919 anayambitsa ku Cape Town bungwe lalikulu la antchito lotchedwa ICU. David Kaunda, Mtonga mnzake, anakakhazikika ku Chinsali monga mphunzitsi ndi mlaliki, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia. Ernest Alexander Muwamba anali mmodzi wa Aafirika awiri oyamba kulowa m'Bwalo la Malamulo la Nyasaland m'chaka cha 1949.

Komatu otsutsa sanasowe. Eni minda ambiri ankafuna antchito a khasu, osati anthu odziwa kuwerengera okha malipiro awo. M'chaka cha 1924 nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes, zotsogozedwa ndi Thomas Jesse Jones, zinayendera masukulu a dziko lino, ndipo zinakonda maphunziro aafupi a ulimi ndi ukhondo wa pamudzi kuposa maphunziro akuya a ku Livingstonia. Ngakhale amishoni anzake ena, monga Donald Fraser, ankaganiza kuti Laws akuthamangira zapamwamba pamene midzi ikusowa zapansi. Iye sanasiye cholinga chake chomanga koleji yofanana ndi za ku Ulaya, koma atachoka m'chaka cha 1927 cholingacho chinagona. Dziko linadikira kufikira 1965 kuti Yunivesite ya Malawi iyambe kuphunzitsa, ndipo Yunivesite ya Livingstonia inatsegulidwa m'chaka cha 2003.

Mbiri yoona siibisa cholakwa cha mwini wake. Laws anakhulupirira kuti Mwafirika angathe kuphunzira chilichonse, koma anachedwa kumpatsa udindo wolingana ndi maphunziro akewo. Charles Domingo, amene anakulira m'nyumba ya Laws yemweyo natsiriza maphunziro a ubusa, anadikira zaka zambiri osadzozedwa, kufikira anachoka mumpingo. Abusa oyamba achikuda a mishoniyo, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiya Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa m'chaka cha 1914, patapita zaka 39 chifikire Ilala. Wophunzira amene wakhoza koma osapatsidwa ntchito yolemera kuposa yoyamba, amayamba kukayika ngati mphunzitsi wake anamkhulupiriradi.

Laws anamwalira ku London pa 6 August 1934, naikidwa kwawo ku Aberdeen. Patapita zaka zambiri, Carol Dweck wa ku Yunivesite ya Stanford ku America anaonetsa m'kafukufuku wake kuti ana oyamikiridwa chifukwa cha khama ndi njira imene atsata amapirira pa funso lovuta kuposa ana oyamikiridwa kuti ndi anzeru chibadwire, pakuti otsirizawa amaopa kulakwa kuti mbiri yawo ingagwe. Ofufuza a pambuyo pake awonjezapo kuti mawu olimbikitsa paokha sakwanira ngati mphunzitsi sasintha kaphunzitsidwe kake.

Tsono mphunzitsi wa ku Kande ali ndi poyambira pafupi. Mwana amene akuti alibe mutu wa masamu ndi yemweyo amawerenga ndowa za usipa padooko, nadziwa gawo la mwini khoka ndi la alovi asanagawe ndalama. Ntchito ya mphunzitsi ndiyo kumuonetsa kuti kugawa kwa pabolodi ndi komweko kwa padooko. Kumfunsa njira imene anayenda asanamdule cholakwa ndi inki yofiira. Kumpatsa mpata wofotokozera mnzake chimene wamva. Ndipo akakhoza, kumpatsa funso lolimba kuposa loyamba. Akuluakulu a maphunziro nawonso ayenera kukumbukira benchi ya ku Bandawe, pamene mphunzitsi ankabwererapo kudzaphunzira, pakuti mphunzitsi woopa masamu amapatsira ana ake mantha omwewo. Amene auza mwana lero kuti masamu si ake, akubwereza mawu amene agogo a mwanayo anawagonjetsa kale ndi sileti.