Al-Sufi ndi kamtambo kosachoka pamalo pake

Tikamaona zithunzi zochokera ku makina oonera zakuthambo a Hubble ndi James Webb, ambirife timayesa kuti nkhani yofufuza maiko akutali idayamba dzulodzuloli. Komatu buku lakale koposa lomwe limatchula mlalang'amba wa Andromeda lidalembedwa ndi munthu amene chida chake chachikulu chidali maso.

Abd al-Rahman al-Sufi adabadwa mu 903 ku Rayy, pafupi ndi pamene pali Tehran lero. Adatumikira mfumu Adud al-Dawla, yomwe adaiphunzitsanso za nyenyezi. Masiku amenewo akatswiri ankadalira ndandanda ya nyenyezi ya Ptolemy wa ku Alexandria, yolembedwa zaka pafupifupi 800 m'mbuyomo, ndipo ambiri ankangoikopera. Al-Sufi sadakhutire. Usiku ankatuluka panja n'kumayang'ana nyenyezi imodziimodzi, kuyerekeza kuwala kwake ndi zimene zidalembedwa. Pamene maso ake atsutsana ndi Ptolemy, ankalemba za maso akewo. Kwa ife apa ndiye pagona ukulu wake, chifukwa kukonza buku limene aliyense amaligwadira kumafuna mtima.

Cha mu 964 adamaliza buku lake la nyenyezi zokhazikika. Magulu 48 a nyenyezi adawajambula kawirikawiri: momwe amaonekera kumwamba, ndi momwe amaonekera pa mpira wophunzitsira, kuti wophunzira asasokonezeke. Adasunganso maina amene Aarabu a m'chipululu ankatchulira nyenyezizo. M'bukumo ndi momwe adatchula kamtambo kakang'ono, pafupi ndi kamwa la nsomba imene Aarabuwo ankaiona m'nyenyezi. Sadadziwe kuti n'chiyani, koma adakalemba ndithu.

Adamwalira mu 986. Padapita zaka zoposa 900 kuti Edwin Hubble atsimikize, m'zaka za m'ma 1920, kuti kamtamboko ndi mlalang'amba wina, kunja kwa wathu. Kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutipeze. Mu 2015 makina a Hubble adatulutsa chithunzi cha mbali imodzi chabe ya kamtamboko, momwe mudaoneka nyenyezi zoposa 100 miliyoni. Mapulaneti oposa 5,000 ozungulira nyenyezi zina amene apezeka, omwe ena akufufuzidwa ngati angakhale ndi zamoyo, onse ali mu mlalang'amba wathu. A m'kamtambo ka al-Sufi palibe ndi limodzi lomwe latsimikizika.

Mu Novembala, usiku wopanda mwezi ndi mitambo, tikaswali Isha tiyang'ane kumpoto, kutali ndi magetsi. Kamtamboko kamaoneka ndi maso.