Abusa Hanock Msokera Phiri: amalume amene anabwera ndi sukulu kuchokera ku Joni

Achinyamata anzathu, kuno ku Namwera nkhani ya ku Joni si yachilendo. Mudzi uliwonse uli ndi wake amene anakwera basi, ndipo akabwera timathamangira kukaona zimene watenga: foni, njinga yamoto, ndalama ya malata, mwinanso mpamba wa kagolosale. Pa tsamba la mbiri mwezi uno tikufuna mudziwe za munthu wa ku Kasungu amene anayenda ulendo womwewu zaka zoposa 100 zapitazo. Iyeyu pobwerera anabwera ndi mpingo ndi sukulu. Dzina lawo ndi Abusa Hanock Msokera Phiri.

A Phiri anabadwa mu 1884 kufupi ndi Kasungu. Ali mnyamata anapita kukaphunzira ku Livingstonia, ku Khondowe, pa sukulu ya Overtoun imene Dr Robert Laws anatsegula mu 1894. Masiku amenewo imeneyi ndiyo inali sukulu yapamwamba m'dziko muno, ndipo wotuluka kumeneko ankalankhula ndi kulemba Chingerezi bwinobwino. Atamaliza anabwerera kwawo kukagwira ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za mishoni.

Pakati pa ana amene anakulira pafupi nawo panali mphwawo, Kamuzu Banda. Inde, Kamuzu yemweyo. Mukudziwa kale udindo wa amalume, chifukwa Achewa ndi Ayao pamenepa timafanana: mwana wa mlongo wako ndi wako, ndiwe womuyang'anira ndi womuyankhira pa milandu. A Phiri udindo umenewu sanauthawe.

Cha m'ma 1915 Kamuzu anachoka kumudzi wapansi, mpaka anakafika ku Hartley ku Southern Rhodesia, tauni imene lero ikutchedwa Chegutu ku Zimbabwe. Kumeneko ankagwira ntchito yapansi pa chipatala. Amalume ake anali naye limodzi kumeneko, ndipo mu 1917 awiriwa anapitirira ku South Africa, nakalembedwa pa mgodi wa malasha ku Dundee, m'chigawo cha Natal. Taganizani, mphunzitsi wa ku Livingstonia ali pa mgodi wa malasha! Amene muli ndi achibale a satifiketi amene akutsuka magalimoto ku Joni mukudziwa kuti zoterezi sizinathe. Pambuyo pake Kamuzu anapeza ntchito ya ukalaliki pa mgodi wa golide wa Witwatersrand Deep ku Boksburg, pafupi ndi Johannesburg.

Kumeneko ndi kumene a Phiri ndi mphwawo analowa mpingo wa African Methodist Episcopal Church, umene anthu amangouti AME. Tifotokozeko pang'ono za mpingowu. Chikhristu cha Methodist chinayamba ku England ndi John Wesley m'zaka za m'ma 1700. Chitafika ku America, anthu akuda ankasalidwa ngakhale m'tchalitchi momwe. Ndiye Richard Allen, amene anabadwira mu ukapolo nadziwombola yekha, anatuluka ndi anzake, ndipo mu 1816 anakhazikitsa AME mu mzinda wa Philadelphia. Mu 1896 mpingowu unafika ku South Africa. Chimene chinkakopa anthu ngati a Phiri chinali choonekeratu: bishopu wakuda, abusa akuda, ndi sukulu zoyendetsedwa ndi anthu akuda okhaokha. Ku mishoni za azungu kwawo, munthu wakuda ankatha kudikira zaka zambirimbiri asanadzozedwe ubusa.

Mu 1923 mpingowu unachita msonkhano waukulu ku Bloemfontein, ndipo mtsogoleri wake ku South Africa anali Bishopu William Tecumseh Vernon wa ku America. Pa nthawi imeneyi panatuluka zinthu ziwiri. Choyamba, a Phiri anadzozedwa ubusa napatsidwa ntchito yokayambitsa AME ku Nyasaland. Chachiwiri, bishopuyo analonjeza kuthandiza Kamuzu kuti akaphunzire ku America. Mu 1925 Kamuzu anakwera sitima yapamadzi kupita ku Wilberforce, sukulu ya mpingo wa AME m'chigawo cha Ohio. Udokotala umene anaupeza ku Meharry mu 1937 unayambira pa khomo limeneli.

A Phiri iwo anatembenukira kumudzi mu 1924. Musaganize kuti inali ntchito yophweka ayi. Panali patangopita zaka 9 chichitikireni nkhondo ya John Chilembwe ya mu 1915, ndipo Chilembweyo anaphunzira ku America ndi kuthandizidwa ndi mpingo wa anthu akuda a kumeneko. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe, ku Chiradzulu, boma linachigwetsa, ndipo mishoni yake sinaloledwe kutsegulidwanso mpaka mu 1926. Choncho mbusa wakuda wobwera ndi mpingo wa anthu akuda a ku America, atsamunda ankamuyang'ana ndi diso lokayika. Munthu wotere ankayenera kuyenda mochenjera, kulankhula ndi mafumu komanso a boma mofatsa, osapereka mpata woti amutsekere.

A Phiri anatha kutero. Anakhazikitsa mishoni yawo pa Mdabwi, ku Kasungu, m'dera la Mfumu Mwase. Nthawi yake inali yabwino pa chifukwa china: mishoni ya Kasungu inali ikuchoka m'manja mwa a Livingstonia kupita kwa a Dutch a ku Nkhoma, ndipo anthu ambiri ankadandaula kuti sukulu za a Dutch sizilimbikira Chingerezi. Makolo ankadziwa kuti mwana wopanda Chingerezi sangalembedwe ukalaliki kapena uphunzitsi, ake ndi khasu kapena mgodi basi. A Phiri anali atauona mgodiwo ndi maso awo. N'chifukwa chake kwa iwo tchalitchi ndi sukulu zinkayendera limodzi. Kuchokera pa Mdabwi ntchito yawo inafalikira m'midzi ina, mpaka kudutsa malire kulowa ku Northern Rhodesia, kumene lero ndi Zambia.

Mulungu anawapatsa moyo wautali. Anaona mphwawo akubwerera kumudzi mu 1958 patapita zaka zoposa 40, anaona dziko likulandira ufulu mu 1964, ndipo anamwalira mu 1972. Za ulamuliro wa Kamuzu anthu amasiyana maganizo, ena amatama chitukuko, ena amakumbukira ndende ndi mantha, ndipo zonsezi zinachitikadi. Koma mbiri ya a Phiri siyitsamira pa mpando wa mphwawo. Ngakhale Kamuzu akanathera ku London ngati dokotala wamba, ana amene anaphunzira kuwerenga pa Mdabwi akanaphunzirabe.

Kaya ndinu Mkhristu kaya Msilamu, pali mafunso awiri amene mbiriyi ikusiyirani. Loyamba ndi la inu amene mukukonza pasipoti: kupita si mlandu, a Phiri nawonso anapita chifukwa kumudzi ndalama kunalibe. Koma mukakafika, mudzayang'anenso sukulu yamadzulo, luso la manja, ndi anthu amene angakutsegulireni khomo, chifukwa foni imatha koma luso mumabwera nalo n'kuphunzitsa ena. Kodi inu mukufuna kudzabwera ndi chiyani?

Lachiwiri ndi la inu amene ndinu amalume kale, ngakhale muli ndi zaka 22 zokha. Pakhomo panu pali mwana wa achemwali anu amene wasiya kupita ku sukulu chifukwa cha yunifolomu, makope kapena fizi ya Fomu 1. Kodi mukudziwa kalasi imene ali? Mufunseni sabata ino, muone makope ake, ndipo ngati pali vuto limene simungalithe nokha, bwerani nalo ku msonkhano wathu wotsatira tidzaganizire limodzi.