Bishopu Mackenzie ndi Tchalitchi Chosamalizidwa cha ku Magomero

Ife a kuno ku Milepa tikamva dzina la Magomero timangoganiza za malo oyandikana nafe m'boma lathu lomweli la Chiradzulu. Komatu pamenepo, m'mphepete mwa mtsinje wa Namadzi, ndi pamene Mpingo wa Anglican udayambira m'dziko muno m'chaka cha 1861, ndipo amene adatsogolera ntchitoyo ndi Ambuye Bishopu Charles Frederick Mackenzie.

Iwowa adabadwira ku Scotland pa 10 Epulo 1825. Adaphunzira ku Cambridge komwe adatchuka ndi masamu, koma m'chaka cha 1855 adasiya zonsezo napita ku Natal kukatumikira pansi pa Bishopu Colenso. Mlongo wawo Anne adapita nawo. Dr David Livingstone atalankhula ku Cambridge mu 1857 za malonda a akapolo, kudabadwa bungwe la UMCA, ndipo a Mackenzie adasankhidwa kulitsogolera. Adadzozedwa ubishopu ku Cape Town pa 1 Januwale 1861.

Mu Julaye chaka chomwecho, akukwera mapiri kuchokera ku Shire limodzi ndi Livingstone, adafika pamudzi wa Mbame. Pomwepo padatulukira gulu la akapolo 84, amuna ali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Owayendetsa adathawa, anthu aja namasulidwa. Kodi akadapita kuti, midzi yawo itatenthedwa kale? Adangotsata Bishopu. Mfumu Chigunda idawapatsa malo ku Magomero, pamene mtsinje umakhota ngati ukuzinga mudzi, ndipo mbali yotsalayo adaitchinga ndi mpanda.

Munthu amene adadzera kulalikira adapezeka ali kholo la anthu oposa zana, ambiri mwa iwo ana amasiye ndi amayi opanda kolowera. M'mawa uliwonse ankaitana maina, kugawa chakudya ndi kutsuka zilonda. Kamtsikana kena kodwala, Daoma, adakanyamula paphewa mpaka kumishoni. Mwanayu adakulira ku Cape Town, adabatizidwa dzina loti Ann, nadzakhala mphunzitsi wa ana amasiye. Chuma, amene pambuyo pake adanyamula nawo mtembo wa Livingstone mpaka kugombe, nayenso adali mwana wa ku Magomero. Akuluakulu sadathamangire kuwabatiza, poti amishoniwo Chimang'anja adali asanachidziwe bwino. Mu Okutobala 1861 adazika mzati woyamba wa tchalitchi cha Paulo Woyera. Tchalitchicho sichidamalizidwe.

Ife amene tidagwirapo ntchito ya unamwino, tikamawerenga mbiriyi timaona msanga pomwe padali vuto. Malo aja adali abwino pothawa nkhondo, koma oipa pa ukhondo. Khamu la anthu mumpanda umodzi, dera lotsika, nyengo ya mvula, madzi akumwa ndi omwewo olandira zonyansa za mudzi wonse. Kamwazi adalowa, njala nayo idafika, ndipo ana adayamba kumwalira motsatizana. Masiku amenewo palibe ankadziwa kuti malungo amafala ndi udzudzu. Izi zidadziwika cha mu 1897. Chomwe ankadziwa n'chakuti kwinini amathandiza.

Pali nkhani ina imene sitiyenera kuibisa. Mafumu a Amang'anja adapempha Bishopu kuti awathandize kulimbana ndi Ayao, iwo navomera. Mu Ogasiti ndi mu Okutobala amishoni adanyamula mfuti, ndipo misasa idatenthedwa. Mtima wawo udali woombola ogwidwa, koma adazindikira mochedwa kuti Ayao ambiri adali othawa nkhondo ndi njala kwawo, ndiponso kuti ena mwa Amang'anja ankagulitsa nawo anthu. Ku Mangalande adadzudzulidwa kwambiri. Ifenso tikuti apa adaphonya, ngakhale kuti n'kosavuta kuweruza tili pamkeka, goli tisadalione.

Mu Januwale 1862 adanyamuka ndi wansembe wachinyamata Henry Burrup kupita pamene Ruo amathira mu Shire, ku Chiromo, kukakumana ndi Livingstone. Amayembekezera mlongo wawo Anne ndi mayi Burrup. Usiku wina bwato lidagubuduzika, mankhwala onse, kwinini yemwe, adapita ndi madzi. Atafika adapeza Livingstone atadutsa kale. M'malo mobwerera kukatenga mankhwala ena, adaganiza zodikira pachilumba cha Malo, pakati pa madambo. Malungo adawagwira, ndipo pa 31 Januwale 1862 adamwalira ali ndi zaka 36 zokha. A Burrup, akudwala chomwecho, adawaika m'manda kutsidya kwa mtsinje kuli chisisira. Iwo adafika ku Magomero atanyamulidwa, namwalira pa 22 Febuluwale. Manda awo ali konko.

Taganizirani amayi awiri aja. Adakwera mtsinje wonse ndi chiyembekezo, wina kukaona mlongo wake, wina mwamuna wake, n'kukamva ku Chibisa, ku Chikwawa, kuti Bishopu adaikidwa kale. Posakhalitsa uthenga wa a Burrup nawo udafika. Anne adabwerera kwawo, ndipo kwa zaka zambiri ankalemba kamagazini kofalitsa nkhani za mishoni ndi kusonkhetsa thandizo.

Otsalawo adachoka ku Magomero mu 1862 kutsikira ku Chibisa, komwe a Scudamore ndi Dr Dickinson adamwalira mu 1863. Bishopu Tozer adasamutsira mishoni ku Zanzibar mu 1864, ndipo Mpingo wathu udabwereranso m'dziko muno kudzera ku Likoma m'chaka cha 1885.